Mmene Ndinapambanira Mpikisano Umene Ndinaukana

Pa moyo wanga wonse ndinapambanapo mpikisano umodzi wokha, ndipo mpaka lero kuli anthu ku Tsangano amene akandiona amayamba ndi kuseka asanandipatse moni. Mphoto ndinalandira ndithu, m'manja anandiombera, koma ndinailandira ndili matope mpaka m'makutu, phazi limodzi lopanda nsapato. Choipitsitsa n'chakuti mpikisanowo ndine ndinatsogolera kuukana.

Inali nthawi ya nkhondo, isanatithamangitsire ku Malawi. Mfuti tinkazimvera kumapiri uko, misewu ina inali itayamba kuopsa, koma pa boma tinali tikugonabe m'nyumba zathu. Ine ndinali mlangizi wa zaulimi. Ntchito yanga inali kuzungulira m'midzi mpaka ku Ntengo-Wambalame kuphunzitsa anthu kulima mbatatesi (anthu oti anayamba kulima mbatatesi ine ndisanamere mano, koma ntchito ndi ntchito). Boma linandipatsa njinga yamoto, ife timangoti mota. Amota tinalipo ochepa kwambiri. Wamkulu wathu anali a Zakariya a kuchipatala, amene ankanyamula katemera kupita naye m'midzi. Panalinso Fernandu wa zoweta, mnyamata wa ku Chidzolomondo wopsa mtima msanga, ndi anzathu ena angapo. Loweruka masana, tikaona kuti gazolina watsalako, tinkathamangitsana pa kampu ya mpira, kungosewera basi. Panalibe lamulo, ndipo palibe anavulalapo.

Zinthu zinasokonekera atabwera a Bonifasiyu, mkulu wa zamaphunziro ndi masewera pa boma pathu. Boma linali litawatumiza kukaphunzira ku dziko lina lozizira la kutsidya kwa nyanja, ndipo anabwerako ndi jasi lofika m'maondo komanso matenda a mpikisano wa mota. Akuti kumeneko anaona anthu akuzungulira pa bwalo la dothi, mota zikukhota chopendekeka, wokwera akukwekweza phazi pansi, khamu likukuwa. Iwo eni mota anali asanaikwerepo, ngakhale yongonyamulidwa kumbuyo. Loweruka lina anabwera pa kampu, manja kumbuyo, n'kutiyang'ana kwa nthawi yaitali. Posakhalitsa tinamva kuti kwakhazikitsidwa komisau yoyang'anira mpikisano wa mota. Prezidenti wake anali iwowo, owathandiza anali mlamu wawo ndi bambo wina wosunga mfungulo za ku loja (sitolo) ya boma. Wokwera mota munalibemo ndi mmodzi yemwe.

A Bonifasiyu anatiitanira ku shikola (sukulu), natikhazika pa timipando ta ana, maondo ali kukhosi. Anati pa tsiku lokumbukira ufulu kubwera mlendo wamkulu wochokera ku Tete, ndipo ife tidzamuonetsa mpikisano weniweni ngati wa kunja. Kenako anayamba kutchula malamulo. Tonse tidzazungulira cha kumanzere, maulendo anayi. Gazolina aliyense atapa pa gawo lake la ntchito. Aliyense avale chisoti cholimba (pa boma ponse chinalipo chimodzi, chong'aluka, ndipo mwini wake ankaikiramo mazira). Zonsezi tinangozivomera. Lomaliza ndi limene linatiimitsa mutu: mota zonse zichotsedwe matravau, aja abale athu a kutsidya kwa malire amati mabuleki.

A Zakariya anakweza dzanja mwaulemu. "Kamarada Prezidenti, mwina makutu angawa akalamba. Mwati matravau tichotse?"

"Kunja konse mota za mpikisano zilibe matravau," anayankha a Bonifasiyu. "Travau ndi mantha. Amene akupita patsogolo safuna choimira."

"Nanga kampu yathu ija ndi yotsetsereka. Kumunsi kwake kuli madimba ndi zitsime."

"Nkhani imeneyo komisau yaiona kale. Yagamula kuti kampu ndi yathyathyathya."

Fernandu anaimirira, kampando kali kakamira m'matako. "Ndiye ikwereni ndinu, tione!"

A Bonifasiyu sanakwiye. Anangotikumbutsa mofatsa kuti motazo n'za boma, ndipo amene akana lamulo la komisau apereke yake kwa wina wodziwa kumvera. Mwina simungamvetse kulemera kwa mawu amenewa. Masiku amenewo mlangizi wopanda mota ankayenda wapansi m'njira zoti sudziwa ukumana ndi yani, ndipo nthawi zina mota ndiyo inkasiyanitsa wofika kwawo ndi wosafika.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, tinakumana kuseri kwa nyumba ya a Zakariya. Kunali kuzizira kwa ku Tsangano kuja kolowa m'mafupa, ndiye panabwera kabotolo ka kachasu kotenthetsera m'mimba. Ine ndili ndi vuto limodzi: ndikamwa pang'ono, ndimamva ngati anthu akudikira kuti ndilankhule. Ndinakwera pa mtondo wogubuduzika ndi kuyamba.

Ndinati ndife amuna, si ana a shikola. Ndinati khosi la munthu silikhala ndi lina losinthira. Ndinati tinyanyale, ndipo ndinatchula ndi mawu a Chipwitikizi omwe, greve, mawu oti masiku amenewo ukawatchula umayamba wayang'ana kumbuyo. Nzeru yake ndinaiyala ndine: matravau achotse, tisalimbane nawo. Tidzafole pamzere bwinobwino, tidzalize mota kuti mlendo amve, koma chizindikiro chikangoperekedwa tonse tidzazimitse, n'kupinda manja. Aone yekha mlendoyo kuti komisau ilibe anthu.

"Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi," ndinatero, chala chili m'mwamba, "ndipo kukana nakonso n'kuyambira limodzi. Amene adzasunthe ngakhale pang'ono pokha ndi Yudasi. Ameneyo tisadzadye naye mbale imodzi!"

Anandiombera m'manja. Fernandu anandikumbatira. A Zakariya okha anapukusa mutu, nati, "Achimwene, zimenezi zikalakwika ena adzatitcha owononga ntchito ya boma. Mukudziwa kumene amapita anthu otero." Komabe anavomera, popeza nawonso khosi lawo ankalikonda.

Kunyumba ndinawafotokozera mayi a Tereza, akazi anga, ndikuyembekeza kuti anditama. Iwo anapitiriza kusenda mbatatesi osandiyang'ana.

"Abambo a Tereza, ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Inu amene mbale ikagwa kukhitchini mumalowa pansi pa kama, lero ndinu mtsogoleri?"

Ndinawauza kuti za amuna sangazimvetse.

Tsiku linafika. M'mawa makaniko wa boma anamasula matravau a mota zonse, nawaunjika m'dengu pansi pa tebulo la komisau. Anthu anabwera ochuluka, ena ochokera kutali atalawirira ndi ana kumsana. Njira yozungulira anailemba ndi phulusa, anthu ataima mbali zonse ziwiri. Mlendo wa ku Tete anakhala pa nsanja ya mitengo, pambali pake a Bonifasiyu ndi jasi lawo ngakhale dzuwa linali litakwera. M'malo mwa zisoti komisau inatilola kumanga nsalu kumutu, moti tinkaoneka ngati odwala mano.

Pano ndiyenera kukuuzani za mota yanga. Chozimitsira chake chinafa kalekale. Ndikafuna kuizimitsa ndinkangoponda travau ili mu giya, iyo n'kutsamwa. Waya wa moto, uja wowonjezera liwiro, nawonso unali wolumikiza ndi waya wa njinga yakapalasa, ndipo unkakakamira ukafuna. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma pa nthawi imene ndinali pa mtondo paja kulamula anthu kuti tidzazimitse, sindinadzifunse kuti nanga ine ndidzazimitsa bwanji matravau ali m'dengu. Funso limeneli linandifikira ndili kale pamzere.

Tinafola. Tinaliza mota. Anzanga onse anazisiya zili pa ufulu, zosalowa giya, monga anthu anzeru. Ine, pofuna kuti anthu aone mtsogoleri, ndinali nditaponda giya yoyamba, dzanja lamanzere litafinya chogwirira chija ukachisiya mota imanyamuka, lamanja likupotokola moto mpaka utsi kuphimba Fernandu. Ndinkayang'ana a Bonifasiyu kuti akweza liti mbendera.

Mbendera sinakwezedwe. Komisau inali itaona kuti mluzu sungamveke pa phokoso lotero, ndiye inapangana mwakachetechete ndi msilikali wina wa milisiya kuti aombe mfuti m'mwamba. Sanauze munthu aliyense. Msilikaliyo anaima kumbuyo kwanga kwenikweni.

Phuu!

Ndikunena zoona, sindinaganize chilichonse. Thupi linangoti a m'tchire, asilikali oukira boma, afika. Dzanja lamanzere linatseguka lokha, lamanja linakoka moto wonse, mota inaimirira ndi tayala lakumbuyo ngati mbuzi yofuna kudya masamba a mtengo, kenako inaterera n'kuuyamba. Si ine ndekha ndinaganiza za nkhondo. Theka la khamu linabalalika, amayi akugwa ndi mitsuko ya thobwa, ena kulowa m'tchire (akuti banja lina linakafika kwawo osacheuka, n'kukauza mudzi wonse kuti boma lagwa). Ine ndinkathawa nawo, koma popeza mbali zonse kunali anthu othamanga, malo opanda munthu anali njira ya phulusa ija basi. Ndinaitsata.

Nditakhota kumunsi n'kuyamba kukwera chakumtunda, ndinaona zinthu ziwiri. Pa nsanja a Bonifasiyu anali kudumpha, akuzunguza mbendera. Patsogolo panga, pamzere woyambira, anzanga onse anali atakhala pa mota zozima, manja atapinda, monga ndinawaphunzitsira. Onse ankandiyang'ana ine.

Phazi linafunafuna travau, linaponda mphepo. Ndinabweza moto, waya uja unakakamira pamwamba. Ndinadutsa pakampata pakati pa a Zakariya ndi tebulo la komisau, ndipo ndinamva bwinobwino mawu a Fernandu akuboola phokoso la injini.

"Yudasi! Yudasi uyo!"

"Sikuima!" ndinakuwa, koma ndinali nditapita kale.

Ulendo wachiwiri ndinafinya chogwirira chakumanzere kuti mota isiye kukoka. Injini inalira mokuwa ngati nkhumba yoona mpeni, ndipo ndinadziwa kuti ikaphulika ndidzayankha mlandu wowononga katundu wa boma. Komanso pamenepo ndinali pa mtsetse, moti liwiro silinachepe n'komwe. Ndinachisiya, mota inandikankhiranso patsogolo. Pokhota ndinaponya phazi pansi kuti ndisagwe, fumbi linati kobo, ndipo anthu amene anali atayamba kubwerera anakuwa mokondwa. A Bonifasiyu akuti anagwira mlendo pamkono, nati, "Mwaona? Ndi mmene amakhotera kunja!"

Ulendo wachitatu ndinakumbukira kampopi ka gazolina kamene kali pansi pa thanki. Ndinapapasa ndi dzanja limodzi, ndinapsa chala, ndinakatseka. Koma mota siifa pomwepo, imayamba yatsiriza kamene kali kale m'khosi mwake. Podutsa pa anzanga ndinayesa kuwafotokozera ndi nkhope kuti si dala. Fernandu anandigenda ndi chitsononkho.

Inatsokomola ndikumaliza ulendo wachinayi, ndendende mmene komisau inalamulira. Ndinadutsa pa mzere mbendera ikundikupiza kumaso, injini n'kuzima. Kukanakhala kuti inazimira pokwera, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Inazimira poyambira mtsetse, pa kampu yathyathyathya ija. Tsopano kunali zii, ndinkangomva mphepo ndi matayala. Pokhota sindinakhote. Ndinadutsa pa phulusa, ndinaboola mpanda wa udzu, ndinalowa m'dimba, ndinadumpha mizere ya mbatatesi umodzi umodzi mano akugundana, mpaka tayala lakutsogolo linalowa m'chitsime chothiririra. Mota inaima. Ine ndinapitirira pang'ono.

Amene ananditulutsa m'matope anali mwini dimba, mayi wachikulire amene ndinkamuyendera kawirikawiri ndi malangizo anga. Anayang'ana mizere yake yophwasuka, anandiyang'ana ine.

"A mlangizi, kodi umenewu ndi ulimi watsopano umene mwatibweretsera chaka chino?"

Anandiperekeza kumtunda ndikutsimphina. Kumeneko zinthu zinali zitavuta. Mkulu wa asilikali ankakalipira a Bonifasiyu chifukwa cha chipolopolo ndi chipwirikiti chija, ndipo mlendo wa ku Tete anali atatsika pa nsanja, ataima patsogolo pa anzanga amene anali adakali pa mota zawo. Anali munthu wolankhula motsitsa, mtundu uja umaopsa kuposa wokalipa.

"Makamarada, mmodzi wathamanga, ena nonse mwapinda manja. Ndikufuna kumva. Kodi imeneyi ndi greve?"

Fernandu, amene posachedwapa ankakuwa, anali kuyang'ana thanki ya mota yake ngati waiona koyamba. A Bonifasiyu thukuta linali kutsika m'jasi, chifukwa kunyanyala kochitika pansi pa komisau yawo kukanawatenga nawonso. Ndi a Zakariya amene anatsegula pakamwa.

"Iyayi, kamarada. Gazolina wa mwezi uno ali ndi madzi. Mota zonse zinazima mfuti italira, kupatula ya mnzathuyu. Iyeyu amasefa wake ndi nsalu."

Mlendo anatembenukira kwa ine. Matope anali akundidontha kuchibwano.

"N'zoona zimenezi, kamarada?"

Ndikanati mota inandithawitsa mwangozi, akanafunsa kuti nanga cholinga chinali chiyani, ndipo tonse tikanakwera galimoto ya ku Tete, ine patsogolo monga mwini nzeru. Ndinameza malovu osakaniza ndi dothi.

"N'zoona, kamarada. Ndimasefa."

"Ndiye munathamanga mofuna?"

"Ndi mtima wonse."

"Nanga lamulo lochotsa matravau mwaliona bwanji, inu amene mwaliyesa?"

Anzanga onse anadzutsa mitu. A Bonifasiyu anandiyang'ana ngati mwana wopempha chiponde.

"Lathandiza kwambiri," ndinatero. "Munthu suganiza zoima."

Ndikukhulupirira kuti mlendoyo anadziwa zonse, koma mwina nayenso sanafune kubwerera ku Tete ndi nkhani yovuta. Anandigwira chanza, kenako anapukuta dzanja lake ku mpango. Anandikweza pa nsanja, ndipo pamaso pa anthu amene anatsala anandipatsa mbuzi yaimuna. A Bonifasiyu analengeza kuti ndine katswiri wa boma lonse, ndidzapita kukapikisana ndi a ku Macanga, komanso kuyambira tsiku limenelo ndalowa mu komisau kuimira okwera mota. Mayi a Tereza anali m'khamumo, atadziphimba kumaso ndi kapulana, chitenje chawo. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sikunali kulira.

Mbuziyo ndinapita nayo kwa a Zakariya mawa lake, ngati chindapusa. Inaphedwa, inaotchedwa. Ine anandiikira nyama yanga m'mbale yandekha, pambali, potsata lamulo limene ndinakhazikitsa ndekha. Fernandu sanakhulupirire za ngozi.

"Ngozi yanji yodziwa kuwerenga? Anayi ndendende! Bwanji sinazime pa atatu?"

Ndinafotokoza za waya, za kampopi, za mfuti. A Zakariya anamvetsera akutafuna, kenako anati, "Achimwene, nkhaniyi ili pawiri. Kapena munatigulitsa, kapena munathawa mfuti ya mnzathu yemwe, n'kusiya akazi anu ndi mwana pa kampu. Sankhanipo chimodzi, tidziwe chokutchulani."

Ndinasankha mantha, popeza ndiwo anali oona. Anthu anatenga zonse ziwiri.

Matravau anatibwezera patapita masiku, a Zakariya atakana kunyamula katemera pa mota yosaima. M'dengu muja zinthu zinali zitasakanikirana, moti kwa nthawi ndithu aliyense ankayenda ndi travau ya mnzake. Lamulo lija komisau sinalifafanize. Ine ndinakhala nawo pa misonkhano yake ingapo, kuimira anthu amene anali atalengeza kuti sindikuwaimira, ndipo pa msonkhano wina tinakambirana kwa nthawi yaitali za mtundu wa mbendera. Mayi wa dimba uja ndinamulimira mizere yake Loweruka lililonse mpaka anakolola, iye ataima pambali kundilangiza. Ulendo wa ku Macanga sunachitike, msewu unatsekeka.

Nkhondo yeniyeni itafika pa boma, unali m'mawa, ine ndikusamba. Mfuti zake sizinali za m'mwamba. Ndinathamangira mota, katswiri wa boma lonse, ndinaiponda kuti ilire. Ndinaponda, ndinaponda, sinatsokomole n'komwe. Amene anaimika mota yake pakhomo pathu anali Fernandu, amene anali asanandilankhule chiyambire tsiku la mbuzi. Anakweza mayi a Tereza ndi mwana kumbuyo kwake, nandiyang'ana ndili ndi sopo m'khutu.

"Malo atha, achimwene. Inu kuthawa mumakudziwa kale. Tikakumana ku malire."

Tinakakumanadi, ine nditafika ndi miyendo yanga, ndipo kumeneko tinadya mbale imodzi chifukwa inalipo imodzi yokhayo.

Mukanayembekeza kuti munthu woona zoterezi anaphunzira kukhala pansi ena akamakangana ndi akuluakulu. Inenso ndinkayesa choncho. Koma mwezi wathawu tinali pa msonkhano wa alimi, tikudandaula za ogula mbatatesi amene amatiikira mitengo yawoyawo, ndipo wina anafunsa kuti ndani angatitsogolere kukana. Ndinangozindikira ndaimirira, pakhosi ndakonza kale. Mayi a Tereza, ndi ukalamba wawo wonse, anandigwira lamba kumbuyo n'kundikhazika pansi. Anthu anasankha wina, ndipo zinayenda bwino.